Chilembo Chowerama

Mukatsika galimoto pa Likhubula m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba phiri la Mulanje mpaka m'chiuno, mukhoza kumudutsa Doris Namathanga osadziwa kuti mwadutsa munthu. Ndi mayi wamfupi wa zaka makumi atatu ndi zinayi, wa juzi yofiirira imene inasiya kale kudzitama, ndipo amayenda ngati akumvetsera wailesi imene enafe sitikuimva. Mukamupatsa moni amayankha ndithu, koma mochedwerako, moniyo atayamba wazungulira kaye kunsonga ya Chambe n'kubwerera. Aphunzitsi ake a ku pulayimale ankati mwanayu amalota ali maso. Sankanama. Ankakhala pafupi ndi windo, kuyang'ana mitambo ikulowa m'zigwa za phiri ndi kutulukamo, n'kumadzifunsa ngati mtambo umene watulukawo ndi womwe uja unalowa kapena ndi mnzake wovala zofanana. Funso limeneli silinamupatse malikisi m'kalasi, koma ndi limene pambuyo pake linamupatsa ntchito.

Bambo ake, a Morton, ananyamula katundu wa alendo okwera phiri kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Mawondo atakana, anzawo sanawataye. Anzawowo ndi kagulu ka amuna makumi atatu amene amadikirira alendo pansi pa mtengo waukulu wa mbawa, malo amene aliyense amangoti pambawa. Anawasemera mpando kuchokera ku nthambi ya mtengo womwewo imene inagwa ndi mphepo, n'kuwauza kuti, "Inu muzikhala apa, muzisunga mzere." Mzerewo sunalembedwe paliponse. Unali m'mutu mwa a Morton: anakwera dzulo ndani, akutsatira ndani, wapita kumaliro ndani kuti malo ake asungidwe. Mwamuna aliyense wokonzeka kukwera tsiku limenelo ankamanga kansalu kobiriwira pamkono. A Morton ankangoponya maso pamikono, n'kuitana dzina, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amuna a pambawa ankasinthasintha. Wina ankapita kukathyola tiyi, wina ankawoloka malire pa Muloza kukalima kwa akuchikazi, wina ku Joni, wina kumanda. Koma mlendo wochokera ku Blantyre kapena kutsidya kwa nyanja sankafunika kudziwa zonsezo. Ankangofunika dzina limodzi. Akati, "Ndikufuna a Morton," tiyi asanazizire m'kapu chikwama chake chinali kale pamutu pa munthu wodziwa njira. Doris ali mwana ankabweretsa mbatata yophika pamenepo masana, n'kukhala pamuzu kumaonerera. Bambo ake ankamuitana kuti Tolisi, poti lilime lawo linakulira m'Chilomwe ndipo silinkagwirizana ndi zilembo zina. Palibe wina padziko lonse amene ankamuitana choncho.

Doris anaphunzira, anapita ku koleji ku Blantyre, napeza ntchito yosamalira makompyuta pa kampani ina kumeneko. Anakhalako zaka zisanu ndi zitatu. Anzake ankadana ndi chipinda cha makina chifukwa cha kuzizira ndi phokoso la mafani, koma iye ankachikonda, poti akatseka maso ankamva mtsinje wa Likhubula ukutsika m'miyala. Mnyamata wina wooneka bwino anamufunsira. Yankho linachedwa monga mwa masiku onse, ndipo pamene Doris ankafika nalo anapeza munthuyo atakwatira kale ku Chilomoni.

Amayi ake, a Joice, atamwalira mu 2023, Doris anabwera kumudzi kuti akhale mwezi umodzi, ndipo mweziwo mpaka lero sunathe. Ntchito amagwirira pakhonde ndi laputopu, netiweki ikalola. Chimene chinamugwira mwendo ndi zinthu zing'onozing'ono zimene abale a kutali sakanaziona pafoni. Bambo ake ankathira shuga kawiri m'kapu imodzi. Madzulo ena ankafunsa kuti kodi a Joice achedwa bwanji kuchigayo.

Kenako zinafika pambawa. Tsiku lina m'mwezi wa Meyi kunabwera alendo awiri. A Morton anaponya maso pamikono n'kuitana mokweza, "Bonface!" Bonface anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo a Morton omwewo ndi amene anagwira bokosi lake kutsogolo. Sabata yotsatira anaitana munthu mmodzi masiku atatu otsatizana, anzake akungoyang'ana, ndipo tsiku lachitatulo amuna awiri anatsala pang'ono kugwirana m'makolala.

A Hopewell, wapampando wa kaguluko, anabwera kunyumba Lamlungu atatuluka m'tchalitchi. Ndi munthu wabwino, wa mawu ochepa. Chipewa chawo anachipindapinda m'manja mpaka chinasiya kuoneka ngati chipewa, akudikira kuti a Morton apite kuseri.

"Achemwali," anatero kwa Doris, "achikulirewa ife timawakonda. Koma anthu ali ndi ana. Mzere ukasokonekera, kunyumba kwa wina moto suyaka. Pamsonkhano wa pa 21 Juni tiika munthu wina pampando paja."

Doris ankadziwa chimene chidzachitike mpando uja ukachoka. M'mawa uliwonse bambo ake ankadzuka, kusamba, kuvala jekete, chifukwa kunali koti apite. Tsiku limene adzasowe kopita ndi limene adzasiye kudzuka. Doris anachita mantha enieni.

"Ndipatseni masabata atatuwa," anatero. "Mzerewo ndiuika m'makompyuta. Aliyense aziuona pafoni pake, ndipo palibe amene adzanene kuti amudumpha. Koma woitana dzina akhale ababa omwewa. Foni iziwauza, iwo aziitana."

A Hopewell anayankha kuti, "Tikaona ndi maso athu zikugwira, akhalapo. Zikakana, musatide."

Kuseri kwa golosale ya azakhali ake a Doris kuli kachipinda konunkha sopo ndi matemba. M'menemo anaika makompyuta atatu akale, anawalumikiza ndi mawaya ndi batire la sola, nawapatsa mayina a malo a m'phiri: Chambe, Lichenya ndi Thuchila. Padenga anapachika kabokosi ka wayifayi kofika mpaka pambawa. Makompyuta atatuwo anawamanga kuti azigwira ntchito ngati imodzi, pansi pa pulogalamu yoyang'anira imene dzina lake ndi Kubernetes. A Morton atamva dzinalo anagwira pakamwa.

"Tolisi, sukulu yonse ija ntchito yake n'kuba neti? Neti za udzudzu si amapereka ulere kuchipatala?"

Anaseka onse awiri mpaka misozi. Doris anakusunga mumtima kuseka kumeneko, chifukwa masiku amenewo kunkabwera patalipatali.

Kayendetsedwe ka makinawo n'kosavuta kumva kwa munthu amene anakulira pambawa. Pulogalamu yosunga mzere siyenda imodzi yokha. Kubernetes imaiyendetsa m'makope atatu, lililonse m'kabokosi kake, kamene anthu a ntchitoyi amati podi. Podi si chinthu chokhalitsa. Kompyuta imodzi ikazima, podi yake imafa, ndipo ina yofanana nayo imabadwa pa kompyuta ina, koma ndi adiresi yatsopano. Ndiye foni ya munthu singaloweze adiresi ya podi, poti mawa ikhoza kupeza palibe. M'malo mwake pamaikidwa khomo limodzi losasuntha, la dzina losasintha, lotchedwa sevisi. Foni imagogoda pa sevisi, sevisi imaponya maso pa mapodi, n'kusankha imodzi mwa amene avala lebulo yoyenera. Lebuloyo ndi kamawu kamodzi kolembedwa pa podi iliyonse. Doris atafika posankha dzina la sevisiyo sanaganize kawiri. Anati lidzakhala morton.

Popeza kuwerenga kunali kutayamba kuwathawa bambo ake, anaganiza zoti foni yawo iziwanong'oneza dzina pakhutu. Anakhala pakhonde masana ena n'kujambula mayina onse makumi atatu ndi mawu ake, limodzi limodzi. Ntchito ya ola limodzi inatha masiku awiri. Akati "Lyson", tambala ankalira. Akabwereza, a Morton ankalowerera kuti, "Ameneyo ngwamphamvu, koma amaopa mlatho wa mitengo," n'kuyamba nkhani ya chaka chimene mtsinje unadzaza. Doris sankawadula. Ankazimitsa chojambulira n'kumvetsera, ngakhale nkhaniyo inali yomwe ija ya dzulo.

Masiku ena ankakhala m'kachipinda kaja chitseko chili chotsegula, kuyang'ana pasikirini mapodi akufa ndi kubadwa, kenako n'kukweza maso kuona mitambo ikuchita zomwezo pa Chambe. Ankalota kuti m'kati mwa makompyutamo muli mtengo wa mbawa waung'ono wowala mobiriwira, ndipo pansi pake pakhala bambo ake ali ndi mawondo atsopano, akuitana mayina osaphonya ngakhale limodzi. M'malotowo Bonface naye analipo, atakhala pamuzu, akudya mbatata, osadandaula kuti sakuitanidwa. A Joice ankadutsa ndi dengu pamutu, akuchokera kuchigayo. Azakhali ankamupeza chomwecho, maso ali kuphiri, n'kumugwedeza phewa kuti tiyi wazizira.

Pa ntchitoyi anathandizidwa ndi Ronald, mnzake wa ku koleji wokhala ku Ndirande, amene anzake onse amamutcha Lonadi ndipo iye sadandaula. Doris analemba fayilo ya mapodi, Ronald analemba ya sevisi n'kuitumiza pafoni. Sevisi zilipo za mitundu. Ina imangomvera a m'nyumba momwemo, mapulogalamu okhaokha kuitanana. Ina imatsegukira kunja, ndipo imapatsidwa nambala ya khomo kuti mafoni a anthu azifikapo. Iwo anasankha yotsegukira kunja, khomo nambala 30080. Lachisanu pa 20 Juni, cha m'ma 3 koloko masana, Doris anatsegula khomolo, anatulutsa foni yake n'kugogoda.

Foni inazungulira pang'ono, n'kunena kuti kumeneko kulibe woyankha.

Anayang'ana mapodi, napeza onse atatu ali moyo, athanzi. Anayang'ana sevisi, napeza ilipo, dzina lake morton, khomo lake lotsegula. Anafunsa makinawo kuti sevisiyo yapeza mapodi angati, ndipo mndandanda unabwera wopanda kanthu. Khomo linalipo, dzina linalipo, koma kuseri kwake kunalibe aliyense. Anaimbira Ronald.

"Aise, pa sevisi paja unalemba kuti izifuna lebulo yanji?"

"Otsogolela. Si ndi zimene tinagwirizana?"

"Eya. Inenso pa mapodi ndinalemba otsogolera."

"Ndiye zili bwinobwino. Kaya, mwina ndi mawaya."

Anasintha mawaya. Anazimitsa Lichenya n'kuyatsanso. Anawerenga mafayilo awiriwo kakhumi, ndipo kakhumi konseko maso ake anamuuza kuti zonse zili m'malo mwake. Dzuwa litapendeka anatseka kachipindako n'kupita kukaphikira bambo ake. Kunyumba anawapeza atasita okha jekete lawo, atalipachika pa msomali. Anali atamva kuti mawa ndi tsiku lalikulu pambawa, ndipo ankaganiza kuti kuli chikondwerero. Doris sanawauze kanthu.

Loweruka kunacha ndi chiperoni chija chosanyowetsa, chongopukuta nkhope. Msonkhano unali wa 9 koloko. Doris anatenga bambo ake n'kupita nawo kukachipinda kuja cha m'ma 7, poti tsiku limenelo sanafune kuwasiya okha. Anawakhazika pa benchi nawapatsa mandasi. Mosowa chochita, anaika mawu awiri aja pasikirini, a pa mapodi pamwamba, a pa sevisi pansi, nawakulitsa mpaka chilembo chilichonse chinafika ngati chala chachikulu. Anawayang'ana. Anaona mawu amodzi olembedwa kawiri. Misozi inayamba kulengeza, ndipo anadzida yekha, kuti zaka zonse zija za m'tauni zalephera kuwasungira bambo ake mpando umodzi wa thabwa.

A Morton anaimirira nabwera kumbuyo kwake. Sukulu anailekezera sitandade 2 ku Mishoni, ndipo tsopano ngakhale zochepa zimenezo zinali zitapita. Mawu sankawaonanso ngati mawu. Ankaona tianthu titandandalika pamzere. Anayendetsa chala pagalasi pang'onopang'ono, monga ankachitira ndi maso pamikono ya anthu, mzere wapamwamba kenako wapansi, n'kuima cha kumapeto.

"Awa si amodzi," anatero.

"Ndi amodzi, ababa. Mawu ake ndi omwewo."

"Iyayi, taona bwino. Wapamwambayu wawerama, wasenza katundu. Wapansiyu wangoima chilili, manja m'thumba. Ameneyu sakukwera lero."

Doris anayang'ana pamene panali chalacho. Pamwamba panali r, wamfupi, woweramitsa mutu. Pansi panali l, wamtali, woongoka. Otsogolera. Otsogolela. Kwathu kuno zilembo ziwirizi ndi ana a mimba imodzi. Timalemba chimene chabwera m'dzanja, khutu silitsutsa, ndipo diso la munthu wophunzira limangodutsa chifukwa limameza liwu lonse nthawi imodzi. Inunso mwina munadutsa pa foni ya Ronald ija osapunthwa. Koma makina sanakulire ku Mulanje. Sevisi inkafunafuna mapodi ovala mawu a l, atatu onsewo anavala a r, ndiye inkangowayang'ana ngati anthu odutsa mumsewu.

Anafufuta chilembo chimodzi naikapo chinzake. Anafunsanso makinawo, ndipo mndandanda unabwera ndi maadiresi atatu. Foni inatsegula tsamba lobiriwira, pamwamba pake dzina limodzi m'zilembo zikuluzikulu. Doris anagwira dzanja la bambo ake n'kuliika patsaya pake. Iwo anadabwa kuti mwanayu akulira chiyani, namupatsa theka la mandasi.

Pambawa anthu anali atasonkhana kale, tinsalu tobiriwira tili pamikono. "Moseliwa," a Morton anapereka moni wa Chilomwe, ndipo achikulire anayankha kuti, "Koseliwa." A Hopewell anatulutsa foni yawo, ena asanu anatulutsa zawo, ndipo onse anaona mzere umodzi, dzina limodzi pamwamba. Wina wokayikira anafunsa kuti, "Nanga kompyutayo ikafa?" Doris anaimbira azakhali ake kuti azule waya wa Lichenya. Anthu anayang'anitsitsa mafoni awo, kudikira kuti aone tsoka. Mzere sunagwedezeke.

Cha m'ma 10 koloko kunafika alendo atatu ochokera ku Zomba, ofuna munthu wowatsogolera ku Chambe. "Tikufuna a Morton," anatero mmodzi. A Morton anakhala bwino pampando, anadina pamene anaphunzitsidwa, naika foni pakhutu. Anamvetsera. Kenako anaponya maso pamikono monga kale, ngati akusankha okha, n'kuitana ndi mawu awo aja omveka mpaka kumtsinje.

"Phillip!"

Phillip anaimirira. Inali nthawi yake ndithu, ndipo mafoni onse anavomereza. A Hopewell anavala chipewa chawo chopindika chija nati, "Achikulirewa akhala pompa." Msonkhano unatha usanayambe.

Anthu atabalalika, ena kukamwa tiyi, ena kuperekeza Phillip mpaka pamlatho, Doris anatsala ataima pafupi ndi muzu uja ankakhalapo ali mwana. Chiperoni chinali chikukwera, Chambe akuonekera pang'ono n'kubisalanso. Doris anali wosangalala kwambiri. Anayandikira kuti awauze bambo ake kuti apite akadye.

A Morton anamuyang'ana mwaulemu, kuyambira kunsapato mpaka kujuzi, navula chipewa.

"Takulandirani, mayi. Mukukwera kuti, ku Chambe kapena ku Lichenya?"

Zimenezi zinali zisanachitikepo. Doris ankadziwa kuti tsikuli lidzafika, koma sankayembekeza kuti lidzasankha Loweruka limeneli, ndipo zinamupweteka kwambiri.

"Ndine Tolisi, ababa."

Iwo anamwetulira, nagogoda foni ndi chala. "Tolisi ndi mwana wanga. Ali umu. Ndi amene amandiuza mayina. Ngwanzeru kwambiri, kungoti amalota ali maso."

Doris anayang'ana kuphiri, ndipo yankho lake linachedwa monga mwa masiku onse.

"Ndikupita kwa a Namathanga, kumtunda kwa mjigo," anatero. "Njira sindikuidziwa bwino."

A Morton anaponya maso uku ndi uku kufuna mkono wa kansalu, koma pambawa panalibe wina. Anaimirira pang'onopang'ono, mawondo akulira. Anapisa m'thumba la jekete natulutsa kansalu kakale kofwifwa, kamene Doris sankadziwa kuti amayenda nako, nakamanga pamkono akukoka mfundo ndi mano. Anachotsa chikwama cha laputopu paphewa pa Doris n'kuchiika pamutu pawo.

"Kumeneko ndikudziwako," anatero. "Muziponda pamene ndapondapo."

Doris anawatsatira pambuyo, akuponda pamene apondapo, mpaka pakhomo pa nyumba yawo.